Kukapalasa njinga yam'mapiri kunyanja: Senga Bay, Nkhotakota, Nkhata Bay kapena Cape Maclear?

Munthu wa ku Kasungu kapena ku Mchinji sachita kuphunzitsidwa njinga. Anthu kuno amachoka ku Kapiri kupita ku Kamwendo, kapena ku Chamama kukafika pa boma, atamanga thumba la mtedza pakaliyala. Koma kwathu kuno ndi kumtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Misewu yathu yafumbi ndi yolimba, ndipo zitunda zake n'zazitali koma zosaimirira. Nyanja ya Malawi ili pansi, pa mamita pafupifupi 470. Mukatsikira kumeneko ndi njinga yamagiya ija, mumakumana ndi zinthu zitatu zomwe kuno sitizidziwa kwenikweni: kutentha kosapumitsa, mchenga wozama, ndi mitsetse yotha mabuleki.

Ambiri amasankha kokachezera poyang'ana gombe ndi malo ogona, n'kumati njira za njinga tikazipeza komweko. Akafika amapeza kuti m'mphepete mwa madzi muli mchenga woti njinga uzichita kukankha, ndipo kuseri kwa malo ogonawo kwadutsa msewu wa phula, wopapatiza, wodyeka m'mbali, wodzaza malole ndi maminibasi. Njira zokoma zili pamene mapiri ayandikira madzi. Choncho musanalipire chipinda, dzifunseni: kuchokera pakhomo pomwe ndigone, ndipalasa mtunda wotani ndisanafike pachitunda choyamba? Yankho lake n'losiyana kwambiri pa malo anayiwa.

Senga Bay

Kwa a ku Mchinji, ulendo wosavuta ndi uwu. Msewu wa M12 kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, wa M14 kutsetserekera ku Salima ndi ena pafupifupi 100, kenako 20 kukafika kugombe, phula lokhalokha. A ku Kasungu amatsika ndi M1 n'kukhotera kumanzere cha ku Kanengo, osalowa n'komwe mumzinda.

Dera la Salima n'lachidikha, ndiye njira zambiri n'zam'midzi: kumpoto kulowera ku Lifuwu komwe kuli minda ya mpunga, kum'mwera kudutsa m'midzi ya kwa Maganga, pakati pa malambe ndi migwalangwa. Zitunda kulibe, mdani ndi mchenga. Umabwera m'zigawo, pena mamita 20, pena 200, makamaka pamene njira yatsikira m'khwawa louma kapena pamene ngolo zimakhotera. Kawolokedwe kake n'kotere: sinthani giya musanalowemo, ikhale yopepuka, khalani chakumbuyo pachishalo kuti tayala lakutsogolo lisazame, palasani mosalekeza, ndipo handulo musaiumirize, isiyeni igwedezeke pang'ono. Buleki yakutsogolo musaikhudze. Amene amagwa mumchenga nthawi zambiri amakhala atayang'ana pansi pa tayala n'kukhota mwadzidzidzi.

Madambo a kuno, monga la Mpatsanjoka, ali ndi dothi lamakande. M'chilimwe limang'aluka n'kuuma gwa, n'kumakugwedezani mpaka manja kuchita dzanzi. Mvula ikagwa limamata ngati kondowole, limadzaza pakati pa tayala ndi foloko mpaka wilo kuleka kuzungulira. Wokakamiza pamenepo amathyola chosinthira magiya chakumbuyo, chifukwa matope amachikokera m'masipoko. M'madambo omwewa muli mvuu ndi ng'ona, choncho kanjira kodutsa m'bango m'bandakucha kapena chamadzulo si kanu.

Chitunda chokhacho chapafupi ndi mapiri a Senga, omwe ndi nkhalango yotetezedwa. Njira zake n'zazifupi, zamiyala, zokwanira ola limodzi kapena awiri, ndipo pamwamba mumaona chilumba cha Namalenje ndi zilumba za Maleri. Kumbukirani kuti asilikali ali ndi malo awo ku Senga Bay: chikwangwani choletsa chikaoneka bwererani, ndipo musajambule.

Chimene chimakweza Senga Bay kwa amene ali ndi ana ndi Kuti Wildlife Reserve, kufupi ndi tauni ya Salima. Ndi malo a mahekitala pafupifupi 2,000, otchingidwa ndi mpanda, opanda mikango kapena njovu, ndipo kupalasa njinga n'kololedwa. Mwana wa zaka khumi amatha kupalasa yekha patsogolo panu, mbidzi zikudya msipu chapatali pang'ono, popanda galimoto yothamanga. Pachipata pali ndalama yolowera. Nkhalango ya Thuma, yomwe ili m'mapiri kumadzulo, musaiyese ndi njinga: muli njovu ndi njati.

Kunena zoona, amene mtima wake uli pa zitunda adzatopa nako ku Senga Bay pofika tsiku lachitatu. Koma woyamba kumene, wa banja, kapena wa njinga yopanda magiya ambiri, kuno ndiye kwake.

Nkhotakota, ndi Ntchisi panjira

A ku Kasungu, nyanja yanu yapafupi ndi iyi: msewu wa M18, makilomita pafupifupi 130, kudzera pa Malomo. A ku Mchinji amatenga M18 yomweyo kuyambira pa Kamwendo kudzera ku Kapiri ndi Santhe. Poona mtundawu, ena amaganiza zongopalasa njira yonse. Musatero pachigawo chodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita 1,800, yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 munalowetsedwa njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Anthu a ku Kasungu sachita kuuzidwa za njovu, makamaka chibwerere njovu 263 zomwe zinasamutsidwira m'nkhalango ya Kasungu mu 2022. Pachitunda chokhotakhota, wapanjinga sangathawe njovu ya mwana. Kwezani njinga m'galimoto, mudzaitsitse mutadutsa chipata chakum'mawa.

Palinso kashembe. Ntchentche imeneyi imatsatira chinthu choyenda, makamaka chakuda kapena chabuluu, ndipo liwiro la njinga pachitunda sililepheretsa kukupezani. Imaluma ngakhale pamalaya opyapyala. Valani zoyererako kapena zakhaki mukamapalasa kufupi ndi mpanda. Mukadwala mutu ndi kutentha thupi patapita masiku mutalumidwa, kuchipatala mukanene za kulumidwako, chifukwa kaodzera amayamba mofanana ndi malungo.

Pakati pa mpanda ndi nyanja pali dziko lathyathyathya la mpunga, chinangwa ndi mango. Kupalasa kwake n'kofanana ndi kwa ku Salima, kungoti kuli zoona zambiri: mkuyu wa pa boma pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863, akasupe otentha a ku Mawira, ndi thamanda lalikulu la Chia kum'mwera. Kumpoto mumakawoloka Bua, mtsinje womwe umayambira kwathu ku Mchinji, mukauona utakula n'kumathira m'nyanja. Misewu ya m'minda ya nzimbe ku Dwangwa imakopa chifukwa ndi yosalala, koma ndi ya kampani. Pemphani chilolezo, ndipo nyengo yodula nzimbe mumakhala malole ndi mathirakitala osaona bwino m'fumbi.

Chuma chenicheni cha ulendo uwu chili panjira. Mukakhota pa Malomo kulowera ku Ntchisi, kum'mawa kwa boma kuli phiri la Ntchisi ndi nkhalango yake yamitengo italiitali, yosagwetsa masamba. M'mbali mwa phirili muli misewu yafumbi ndi tinjira ta m'midzi tokwera ndi kutsika, kuli kamphepo kozizira, ndipo kukacha bwino nyanja imaoneka pansi. Wokonzeka bwino akhoza kugona kumeneko usiku umodzi, m'mawa n'kutsetsereka cha ku Mwansambo kukatulukira pa M5 kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, galimoto itazungulira kukamudikira. Kutsikako ndi mamita pafupifupi 1,000, koma sikutsika kokhakokha. Khwawa lililonse lili ndi chitunda chake kutsidya. Ife timaona kuti Nkhotakota payokha ndi yapakatikati kwa wanjinga, koma mukaiphatikiza ndi Ntchisi palibe ulendo wina waufupi wouposa kwa munthu wa ku Kasungu.

Nkhata Bay ndi Chintheche

Uku ndiye kumene mapiri amagwera m'madzi. Mukatuluka pachipata cha malo ogona ku Nkhata Bay, chitunda chayamba kale. Ngakhale kanjira ka makilomita awiri kuchoka pa doko kupita ku gombe la Chikale kamakuuzani msanga ngati magiya anu akukwana.

Njira zofikira ndi ziwiri. Ya kunyanja: M18 mpaka Nkhotakota, kenako M5 kudzera ku Dwangwa, Dwambazi, Tukombo, Kande ndi Chintheche, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Nkhotakota kukafika pa boma la Nkhata Bay. Ya kumtunda: M1 kudzera pa Jenda ndi m'nkhalango ya Chikangawa mpaka Mzuzu, makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Kasungu, kenako ena osakwana 50 kutsikira kunyanja. Ya kumtundayi ili ndi phindu lake. Mutapitirira pa Jenda pali msewu wafumbi wolowera ku Luwawa, m'mapiri a Viphya, komwe kuli damu, misewu yambiri ya m'nkhalango ya paini, ndi malo ogona omwe akhala akuchititsa mpikisano wa njinga zam'mapiri. Ndi amodzi mwa malo ochepa m'dziko muno komwe mukafunsa za njira ya njinga amakuyankhani ndi makilomita ndi maola. M'misewu ya m'nkhalangomo samalani ndi malole a matabwa pamakona.

Kunyanjako, Chintheche ndi Nkhata Bay si chimodzimodzi. Ku Chintheche, Bandawe ndi Kande kuli kachigwa m'mbali mwa nyanja, ndiye mumatha kuyamba ndi makilomita angapo ofewa m'minda ya chinangwa, kukaona tchalitchi chakale cha ku Bandawe komwe amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881, kenako n'kukhotera kumadzulo kukayamba zitunda thupi litatentha. Izi n'zabwino pagulu la anthu a mphamvu zosiyana: ofooka amabwerera pamene chitunda chayambira. Pakati pa Chintheche ndi boma pali nkhalango ya Mkuwazi ndi minda ya mitengo ya labala ya Vizara, ndipo chakumtunda kuli tiyi wa ku Kawalazi; misewu ya m'maesiteti imafuna chilolezo. Pa boma penipeni kachigwa kulibe. Tinjira ta pansi tolumikiza midzi ya m'mphepete mwa nyanja tili ndi masitepe amiyala ndi mizu, ndipo pena njinga mumaisenza paphewa. Malo ofewako ali chakumtunda pang'ono, ku dambo la Limphasa ndi cha ku Mpamba.

Apa m'pofunika kufotokoza za mabuleki, chifukwa ngozi zambiri za anthu ochokera kuchidikha zimachitika potsika. Munthu akaona mtsetse wautali amagwira mabuleki onse awiri pang'onopang'ono osasiya. Pa njinga ya mabuleki a labala ogwira limu, limuyo imatentha mpaka kuwotcha chala, mpweya wa m'chubu umafufuma, zigamba zakale zimamatuka, pena chubu kuphulika. Pa njinga ya mabuleki a disiki, timapadi timapsa n'kuyamba kuterera, ndipo ngati ndi amafuta, chogwirira chimayamba kufewa mpaka kugunda handulo. Njira yake n'kugwira mwamphamvu kwa kanthawi pamalo owongoka, kusiya kuti azizire, n'kugwiranso musanafike pakona, osati muli pakona. Pamtsetse wopitirira makilomita awiri imani kamodzi kapena kawiri. Tsitsani chishalo masentimita 5 mpaka 8, imirirani pamapedulo atalingana, thupi chakumbuyo. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga. Yakumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala pamiyala. Ndipo nenani "odi!" msanga, chifukwa tinjira timeneti ndi ta amayi osenza mabeseni a chinangwa chochokera kovuwika ndi ta ana a sukulu.

Pokwera, giya yopepuka kwambiri ikhale yoti kutsogolo kuli mano 22 kapena 24, kumbuyo 32 kapena 34. Njinga zambiri zotsika mtengo za m'masitolo kumbuyo zimathera pa mano 28, ndipo ku Nkhata Bay mwini wake amakankha theka la ulendo. Yesani njinga yanu kuno musanapite: chitunda cha phiri la Kasungu kapena mapiri a ku Mchinji n'chokwanira kukuuzani zoona.

Boma ili limalandira mvula yambiri, ndipo imachedwa kusiya. Kuno kukauma mu Epulo, kumeneko dothi lofiira limakhala likutererabe. Anthu ake ndi Atonga. Chichewa amamva, koma moni wa m'chinenero chawo amatsegula njira zambiri. Kwa wopalasa amene wazolowera, Nkhata Bay ndiye woyamba pa malo onse anayi. Mtengo wake ndi ulendo wa tsiku lathunthu popita ndi lina pobwerera, ndiye tchuthi cha masiku atatu sichikwana.

Cape Maclear, ndi mawu pang'ono za Livingstonia

Ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, n'kokongola, koma kwa wanjinga n'kopanikiza. Mudziwo wazunguliridwa ndi mapiri amiyala a Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Tinjira ta m'mapirimo n'toyenda pansi, ndipo kulowa m'paki kumafuna tikiti. Chotsala ndi msewu wa makilomita 18 wolumikiza mudziwo ndi msewu wa ku Monkey Bay, wokhotakhota pakati pa miyala ikuluikulu, wokoma kwambiri m'mawa, anyani ali m'mbali. Mukaupalasa kawiri, mwamaliza. M'mudzimo ndi mchenga ndi ana ambiri. Kuchokera ku Kasungu ndi makilomita opitirira 350. Pitani kukasambira ndi kukaona nsomba za mbuna. Njinga ikhale yowonjezera.

Wofuna chitunda chimodzi choti akachikumbukire apite kumpoto kwenikweni, ku Chitimba, akakwere msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia: makilomita pafupifupi 15, makona akuthwa okwana 20, ndi mathithi a Manchewe chakumtunda. Ayambe kusanache.

Kupeza njira mukafika

Pali magwero anayi, ndipo palibe limodzi lokwanira palokha.

Mapulogalamu a pafoni monga Komoot, Wikiloc ndi Strava amaonetsa njira zimene ena anapalasa n'kuzisunga. Kwathu kuno njira zoterozo n'zochepa, ndipo zambiri zinajambulidwa ndi alendo odutsa pa M5 ndi katundu, choncho zimakubwezerani kuphula komwe mukuthawa. Mukapeza ina, onani chaka chake. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri, ndipo kanjira ka m'mphepete komwe wina anadutsa kale kakhoza kukhala m'madzi kapena m'bango. Komoot ikhozanso kukulozerani kanjira kodutsa pamtsinje wopanda mlatho, chifukwa pamapu mzere ukangolumikizana, iyo imati njira ilipo.

Chothandiza kwambiri ndi mapu a OpenStreetMap, omwe mumawatsegula ndi OsmAnd kapena Organic Maps. Sungani mapu a Malawi yense m'foni muli kwanu, chifukwa kuseri kwa mapiri netiweki imasowa, pomwe GPS imagwirabe ntchito popanda bandulo. Kenako yerekezani ndi zithunzi za setilaiti za Google Maps, mutazikulitsa. Mizere iwiri yoyandikana ndi njira ya ngolo kapena galimoto, ndipo imapalasika. Mzere umodzi woonda ndi njira ya pansi. Pachidikha ndi yabwino, paphiri mwina mudzasenza. Njira yooneka yoyera mbuu ndi mchenga, yofiira ndi dothi lolimba, yakuda yodutsa pobiriwira ndi dambo. Pamene njira yafika pamtsinje, onani ngati ikupitirira kutsidya ndi kukula komweko. Ikachepa, ndiye kuti anthu amawoloka pamadzi kapena pabwato.

Chimene zithunzi sizionetsa ndi kuimirira kwa chitunda. Pamenepo pamafunika mizere yosonyeza kukwera kwa malo, yomwe ili pa mapu a boma a 1:50,000 a ku nthambi yoona za mapu, komanso mu OsmAnd mukaiwonjezera. Werengani chonchi: kukwera mamita 50 pa kilomita imodzi aliyense amapalasa, mamita 100 pa kilomita pafumbi ndi ntchito ya giya yomaliza, kupitirira 150, ambiri amatsika. Mapu a bomawo ndi akale, midzi ndi misewu zinasintha, koma mapiri ndi mitsinje zili pomwepo.

Gwero lachitatu ndi eni malo ogona. Ena ali ndi mapu ojambula pamanja komanso anyamata operekeza, ndipo amadziwa kumene kukufunika chilolezo. Ambiri amadziwa za mabwato kuposa za njinga, ndiye adzakutumizani kumsika ndi kubwerera.

Odziwa kwenikweni ndi akabaza a njinga zakapalasa, ogula usipa okagulitsa kumtunda, ndi amene amatsika ndi nthochi kapena nkhuni m'mawa. Anjinga zamoto amadziwa njira, koma zitunda samazimva ndipo nthawi amaichepetsa. Luso lili pa kafunsidwe. Mukati, "Achimwene, njira iyi njinga imadutsa?" yankho ndi "imadutsa" nthawi zonse, chifukwa kwa iwo kukankha ndi kusenza n'kudutsa ndithu. Funsani chonchi: "Mutanyamula munthu, mumamutsitsa kangati?" "Ngolo imafika kumeneko?" "Pamtsinje paja pali mlatho, kapena mumavula nsapato?" "Mumalipiritsa zingati kukafika?" Mtengowo uyerekezeni ndi wa mtunda womwe mukuudziwa kale, monga kuchoka pa siteji kufika kumene mukugona. Umanena zoona kuposa "m'pafupi pompa". Funsani anthu awiri osiyana, ndipo lembani mayina a midzi, masukulu ndi misika motsatizana. Panjira anthu amadziwa dzina la sukulu, osati kadontho ka pafoni. Tsiku loyamba n'kwanzeru kulemba mmodzi wa iwo ganyu yoperekeza, mutagwirizana mtengo musananyamuke, foni ikujambula njira. Mawa lake muli ndi njira yanuyanu. Tinjira ta amakala tisiyeni: timathera m'nkhalango zotetezedwa, pamauvuni, komwe mlendo salandiridwa bwino.

Polumikiza zonsezi, konzani ulendo wozungulira womwe chitunda chili koyamba, mtsetse pobwerera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye yambani molimbana nawo kuti pobwerera, miyendo itatopa, ukukankheni. Nthawi iwerengeni motere: makilomita 12 mpaka 15 pa ola pafumbi lolimba, 5 okha pamchenga, ndipo onjezerani ola limodzi pa mamita 500 aliwonse okwera. Ulendo wa makilomita 30 wokwera mamita 700 ku Nkhata Bay ndi wa maola pafupifupi anayi, osati awiri monga mungaganizire kuno.

Mwambo wa panjira ndi womwe uja wa kwathu. Mukaona masamba ataikidwa pamsewu, pali maliro: tsikani, vulani chipewa, kankhani mpaka mutapitirira masamba achiwiri. Kanjira kolowa m'kankhalango kowirira pakati pa minda, ngakhale foni ikunena kuti n'kachidule, kawirikawiri n'ka kumanda, ndipo m'midzi ya Achewa ku Salima, Ntchisi ndi Nkhotakota kumeneko kukhoza kukhala kudambwe. Zungulirani.

Njinga ndi katundu wake

Yang'anani kukula kwa wilo musananyamuke. Machubu ndi matayala a mainchesi 26 amapezeka pafupifupi pamsika uliwonse, a 27.5 ndi 29 ndi osowa kunja kwa mizinda, ndiye tengani machubu awiri anuanu. Onaninso valavu. Yoonda ija sigwirizana ndi pampu ya amakanika ambiri a pansi pa mtengo, choncho pampu yanu isatsale. M'kachikwama mukhale zigamba ndi sulushoni, zochotsera tayala, masipanala a Allen a 4, 5 ndi 6, chodulira tcheni ndi cholumikizira chake chogwirizana ndi magiya anu, waya mmodzi wa buleki ndi wina wa giya, ndi kachitsulo kapadera kopachikira chosinthira magiya. Kachitsulo aka kamapindika njinga ikagwera kumanja, ndipo mtundu uliwonse wa njinga uli ndi kake, moti kumudzi simungakapeze.

Minga ya mthethe ndi yambiri ku Salima ndi ku Mangochi. Tayala likaphwa, musanaike chubu china yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala. Munga ukatsalamo mumaponchanso musanathe kilomita. Mukapeza timabowo tiwiri toyandikana, si munga: mpweya unali wochepa, limu inatsina chubu pamwala. Munthu wa makilogalamu 70 pa tayala la mainchesi 2.1 lokhala ndi chubu aike mpweya wa PSI (muyeso wa pa geji ya pampu) 30 mpaka 35 pamiyala, atsitse kufika cha m'ma 25 pamchenga wautali, n'kupopanso akatulukamo. Amene matayala awo ndi opanda chubu athiremo mankhwala omata atsopano, mamililita 60 mpaka 100 pa tayala, chifukwa m'kutentha amauma pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Tcheni chipukuteni ndi kansalu madzulo alionse, muthire mafuta ochepa n'kupukutanso. Oyilo wa galimoto wothiridwa mochuluka amagwira mchenga n'kumadya tcheni ndi mano. Njinga musaitsukire m'nyanja: madzi ndi mchenga zimalowa m'mahabu n'kuchotsa girisi.

Pokweza m'minibasi, gwirizanani mtengo wa njinga musanakwere, chotsani wilo lakutsogolo ndi mapedulo, ikani tcheni pa giya yaikulu yakumbuyo kuti chosinthira chilowe m'kati, ndipo mbali ya tcheni iyang'ane kumwamba. Ngati mabuleki ndi adisiki amafuta, lowetsani kakatoni pakati pa timapadi, chifukwa wina akafinya chogwirira wilo kulibe, timapadito timatsekana. Imani pomwepo kondakitala akamamanga, asaike thumba la chimanga pamasipoko.

Madzi: theka la lita mpaka lita imodzi pa ola, malinga ndi kutentha, ndi paketi ya Thanzi m'botolo limodzi. Mijigo ilipo m'midzi yambiri ya m'chidikha, m'mapiri ndi yotalikirana. Musadziziziritse m'madzi odikha a m'bango, muli likodzo ndi ng'ona. Chipewa choteteza mutu chisachoke, ngakhale kutenthe bwanji, ndipo uzani a pamalo ogona kumene mwalowera ndi nthawi yobwerera.

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, kupatula ku Nkhata Bay komwe n'kwabwino kuyambira Juni. Udzu umakhala ukadali wautali m'tinjira tating'ono, ndipo m'makwawa muli chitedze, ndiye manja aatali amathandiza. Dzuwa nthawi imeneyi limalowa isanakwane 6 koloko, choncho pofika 4 koloko mukhale mukubwerera. Mu Seputembala njira zimayera chifukwa tchire lapsa, koma mchenga umakhala utafewa kwambiri. Okutobala ndi Novembala kunyanja kumatentha kupitirira madigiri 35: nyamukani 5 koloko m'mawa, pofika 9 koloko njinga ikhale pamthunzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, siyani madambo ndi mitsinje yopanda milatho, mupalase misewu ya miyala yokhayokha, ndipo funsani za milatho ya pa M5 musananyamuke kwanu, chifukwa madzi osefukira amaidula kawirikawiri.